Lipoti la wodwala: mayi wa zaka 71 wogwa m'bandakucha, ndi zimene zipangizo zovala pathupi zinaonetsa

Mayi wa zaka 71, wodwala shuga wa mtundu wachiwiri, anabwera nawo kuchipatala atagwa kawiri m'bandakucha pa miyezi iwiri. Zoyeza za tsikulo sizinaonetse chimene chinawagwetsa. Anabwerera kunyumba atavala zipangizo zitatu: sensa ya shuga pamkono, chigamba cha ECG, chojambula kugunda kwa mtima, pachifuwa, ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima imene anali nayo kale. Pa masabata awiri zinadziwika kuti shuga amawatsikira usiku chifukwa cha piritsi la shuga lotchedwa glibenclamide, komanso kuti mtima wawo umagunda mosalongosoka mwa apo ndi apo, vuto lotchedwa atrial fibrillation kapena AF. Sensa ndi wotchi zinaperekapo nambala zabodza kapena zinaphonyapo kanthu, ndipo apabanja anafika potseka alamu usiku womwe shuga anatsikitsitsa.

Mbiri ndi zoyeza za tsiku loyamba

Mayiwa akhala ndi shuga zaka 12, ndipo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Pa shuga ankamwa metformin 1000 mg kawiri pa tsiku ndi glibenclamide 5 mg m'mawa ndi madzulo, ndipo pa kuthamanga kwa magazi ankamwa amlodipine 10 mg ndi atenolol 50 mg. Maulendo onse awiri anagwa pakati pa 4 ndi 5 koloko m'mawa akupita kuchimbudzi. Koyamba anangosupuka bondo, kachiwiri anamenyetsa phewa pachitseko. Sanakomoke, koma sankakumbukira bwino momwe anachokera pabedi. Mwana wawo wamkazi, amene amagona chipinda china m'nyumba yomweyo, anati masiku ena amapeza pilo ndi chovala chogonera zitanyowa ndi thukuta, mayi akudandaula mutu, ali olefuka mpaka dzuwa kukwera.

Kabuku kawo ka shuga kanali kosangalatsa kukaona. Ankabaya chala kamodzi pa tsiku, cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndipo nambala zinkakhala pakati pa 6.8 ndi 8.0 mmol/L. HbA1c inali 6.4%. Nambala imeneyi kwa munthu wa zaka 40 n'njoyamikira, koma kwa munthu wa zaka 71 womwa glibenclamide, impso zitayamba kufooka, iyenera kukayikitsa. HbA1c ndi avereji ya shuga wa m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo avereji ikhoza kuoneka yabwino chifukwa chakuti usiku shuga akutsika kwambiri.

Ankalemera 64 kg. BP inali 134/78 atagona ndi 128/76 ataimirira, kotero sikuti ankagwa chifukwa cha BP kutsika poimirira. Mtima unkagunda ka 58 pa mphindi, molongosoka, ndipo ECG ya mawaya 12 inali yabwinobwino. Pa zoyeza za impso, creatinine inali 128 µmol/L ndipo eGFR, nambala yoonetsa mphamvu ya impso posefa magazi, inali 38. Hemoglobin, yoonetsa ngati magazi ndi okwanira, inali 12.1 g/dL. Potaziyamu ndi zoyeza za chithokomiro zinalibe vuto.

Za wotchi zinatuluka kumapeto, ngati nkhani yongowonjezera. Mwana wawo anati wotchiyo yalembapo kanayi pa masabata asanu ndi limodzi kuti mtima sukugunda molongosoka, koma sanalabadire chifukwa wotchi yomweyo imanenanso kuti usiku okosijeni ali pa 84%, chonsecho mayi amapuma bwinobwino.

Kuika zipangizo

Sensa ya shuga ndi kachipangizo kozungulira komata pakhungu, kokhala ndi kaulusi kofewa kolowa pansi pa khungu pafupifupi mamilimita 5. Simayeza magazi. Imayeza shuga wa m'madzi apakati pa maselo, ndipo shuga wa m'madzi amenewa amatsalira m'mbuyo mwa wa m'magazi ndi mphindi 5 mpaka 15, makamaka pamene akukwera kapena kutsika mwachangu. Imene tinagwiritsa ntchito ndi ya masiku 14. Malo anatsukidwa ndi sopo wopanda mafuta, kupukutidwa, kupakidwa spiriti ndi kathonje, n'kusiyidwa kuti aume okha. Kumata spiriti asanaume ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa kuti sensa imatuke isanathe sabata. Inaikidwa kumbuyo kwa mkono wamanzere, pakati pa phewa ndi chigongono, poti mayiwa amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Funso la mbali imene amagonera silinafunsidwe, ndipo zotsatira zake zili m'munsimu. Sensa inayamba kuonetsa nambala patatha mphindi 60. Alamu ya shuga wotsika inaikidwa pa 3.9 mmol/L, pa foni ya mayiwa imene inayenera kukhala pafupi ndi bedi, osapitirira mamita 6, kuti Bluetooth isaduke. Pa foniyo tinazimitsa gawo losunga batire, chifukwa limatseka mapulogalamu ogwira ntchito mobisika, ndipo tinaloleza pulogalamu ya sensa kulira ngakhale foni ili pa silenti.

Chigamba cha ECG chinamatidwa tsiku lomwelo kumtunda kwa chifuwa mbali yamanzere, m'munsi pang'ono mwa fupa lochokera pakhosi kupita kuphewa. Khungu linakwechedwa pang'ono ndi kansalu kokhakhala kuti litaye zouma za pamwamba, kenako spiriti. Chigamba chinapanikizidwa ndi chikhatho kwa mphindi ziwiri. Anauzidwa kusanyowetsa malowo maola 24 oyamba, kusapaka mafuta pafupi, kudina batani la pachigamba akamva chachilendo, ndi kulemba nthawi yake m'kabuku. Chigamba chamtunduwu sichilira ndipo sichitumiza kanthu pa nthawiyo. Chimangojambula kugunda kulikonse kwa mtima mpaka masiku 14, n'kudzawerengedwa chitachotsedwa. Ubwino woika zipangizo ziwirizi tsiku limodzi unali wakuti galafu ya shuga ndi ya mtima zidzathe kusanjikizidwa pa nthawi imodzimodzi.

Mausiku asanu oyamba

Usiku woyamba alamu inalira 1:40, sensa ikuonetsa 3.1. Mwana wawo anawadzutsa n'kuwamwetsa madzi a shuga osabaya chala. Pofika 3 koloko shuga anali pa 12.8. Usiku wachiwiri inalira cha m'ma 12 koloko, pa 3.0, ndipo ulendo uno anabaya chala: 6.1. Inaliranso 4:30 pa usiku womwewo, iye n'kungoitseka poganiza kuti ndi zomwe zija. Usiku wachitatu inalira kawiri, ndipo chala chinaonetsa 6.4 ndi 5.9. Atatopa nazo, usiku wachinayi anakasiya foni pa tchaja pabalaza, kuseri kwa makoma awiri, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa.

Usiku umenewo alamu sinalire chifukwa foni ndi sensa sizinkalumikizana. M'mawa foni itabwerera kuchipinda, sensa inatumiza zimene inasunga. Yamtunduwu imasunga nambala za maola 8 okha, choncho ola loyamba linatayika, koma zotsalazo zinali zokwanira. Shuga anayamba kutsika cha m'ma 1 koloko kuchokera pa 6.0, pang'onopang'ono, anadutsa 3.9 itangokwana 2:45, n'kufika pa 2.8 cha m'ma 4:15. Anakhala pansi pa 3.9 kwa maola opitirira atatu, kenako anakwera yekha mpaka 7.2 pofika 7 koloko. Mayiwa anadzuka atanyowa ndi thukuta. Akanabaya chala pa nthawi yawo ya masiku onse, kabuku kakanalandira nambala ina yabwino.

Namwino anaona galafu imeneyi pa tsiku lachisanu, lomwe linakonzedwa kale kuti adzayang'ane zotumizidwa. Anaimba foni, anawauza kuti asamwe glibenclamide wa madzulo, foni ibwerere pafupi ndi bedi, ndipo abwere m'mawa mwake. Ngakhale sanamwe piritsi la madzulolo, usiku wachisanu alamu inalira 3:20. Sensa inati 3.6, chala chinati 3.5.

Kutsika kwenikweni ndi kutsika kwa kugonera sensa

Pa galafu panali mitundu iwiri ya kutsika, ndipo munthu akaiona pamodzi savutika kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba unkayamba mwadzidzidzi. Mzere umayenda bwinobwino pa 6.5, kenako pa mphindi 10 kapena 15 wagwera pa 3.0, n'kukhala pamenepo mokhotakhota kwa theka la ola kapena kupitirira pang'ono, kenako n'kubwerera pa 6 mwachangu ngati momwe unagwera, munthu asanadye kanthu. Uku ndi kugonera sensa. Thupi likapsinja mkono, magazi ndi madzi ozungulira kaulusi amachepa, ngati payipi ya madzi imene wina waiponda, ndipo shuga wofika pa kaulusi amachepa pomwe m'thupi monse ali bwinobwino. Mayiwa amagonera mbali yamanzere, mkono uli pansi pa thupi, ndendende pamene panali sensa. Alamu ikalira ankatembenuka, mzere n'kukwera. Kutsika kwa mtundu umenewu kunachitika kanayi. Kwa usiku woyamba kunalinso ndi chifukwa china chokayikira: maola 24 oyamba sensa imakonda kuonetsa nambala zosakhazikika, kaulusi kasanakhazikike bwino m'malo mwake.

Mtundu wachiwiri unkatsetsereka pang'onopang'ono, pafupifupi 1 mmol/L pa ola, mzere uli wosalala, kuyambira pakati pa usiku mpaka 4 kapena 5 koloko. Kutembenuka sikunkausintha. Unkatha mayiwa akamwa shuga, kapena kukamacha pamene mahomoni a m'mawa amachititsa chiwindi kutulutsa shuga amene chinasunga. Unachitika katatu: usiku wachiwiri pa alamu ija inangotsekedwa, usiku wachinayi ndi wachisanu. Shuga wa munthu wogona, amene sanabaye insulini, sagwa kuchoka pa 6.5 kufika pa 3 m'mphindi 10 n'kubwerera yekha. Akatsika chifukwa cha mankhwala amatenga nthawi.

Pulogalamu ya sensa inawerengera kuti mayiwa anakhala pansi pa 3.9 kwa 7% ya nthawi yonse. Titachotsa maulendo anayi a kugonera sensa panatsala 5%, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi zingapo pa tsiku. Malangizo amene akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2019 amati anthu ambiri odwala shuga azikhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 mmol/L kwa nthawi yoposa 70%, ndi pansi pa 3.9 kwa nthawi yosafika 4%. Kwa okalamba ndi ena amene ali pachiopsezo amafewetsa mbali yoyambayo kufika pa 50%, koma amakhwimitsa yachiwiri: osafika 1%, yomwe ndi mphindi pafupifupi 15 pa tsiku. Malangizo omwewo amafuna masiku 14 kuti maperesenti akhale odalirika. Sitinadikire masiku 14. Kutsika kotsimikizika ndi chala, mwa munthu amene wagwa kale kawiri, n'kokwanira kusinthira mankhwala.

Kusintha mankhwala ndi malangizo a usiku

Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya shuga ndi wokwera kaya ayi. Zotsalira zake m'thupi zimagwirabe ntchito ndipo zimatuluka kudzera mu impso, choncho pa eGFR ya 38 zimaunjikana. N'chifukwa chake shuga anatsikabe usiku wachisanu piritsi la madzulo lisanamwedwe. Atenolol naye anawonjezera vuto: mankhwala a gulu lake amabisa kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima, zizindikiro zimene zimadzutsa munthu shuga akatsika, koma sabisa thukuta. Izi zikugwirizana ndi zimene mwana wawo ankapeza m'mawa.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi glibenclamide anasiyidwa kotheratu. Metformin anatsitsidwa kufika pa 500 mg kawiri pa tsiku, poti eGFR ikatsika pansi pa 45 mlingo umachepetsedwa, ndipo pansi pa 30 amasiyidwa. Anawonjezeredwa mankhwala ena a shuga, linagliptin 5 mg kamodzi pa tsiku, amene safuna kusintha mlingo chifukwa cha impso ndipo payekha satsitsa shuga mopitirira. Nkhani ya mankhwala a gulu la SGLT2 oteteza impso inasiyidwira ulendo wina, kuti tisasinthe zinthu zambiri sabata imodzi.

Apabanja anapatsidwa malangizo olembedwa papepala limodzi, lomata pakhoma pafupi ndi bedi. Alamu ikalira mayi ali bwino, akuyankha zomveka, ayambe asamba m'manja ndi kubaya chala. Kusamba n'kofunika chifukwa shuga wotsalira pachala amakweza nambala. Chala chikaonetsa pansi pa 3.9 amwe magalamu 15 a shuga wofulumira: mapiritsi a glukozi, kapena masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga wosungunula m'madzi. Pakatha mphindi 15 abayenso chala, osadalira sensa, chifukwa pa nthawiyi imakhala ikuonetsabe nambala yotsika pomwe magazi akwera kale, ndipo woitsatira amamwetsa shuga kawiri katatu popanda chifukwa. Shuga akabwerera adye chakudya chokhalitsa m'mimba. Ngati mayi atuluka thukuta, asokonezeka kapena akulankhula zosamveka, shuga ayambe, kuyeza kubwere pambuyo, ngakhale sensa ikunena kuti zonse zili bwino. Ngati sakudzuka, osawaika kanthu m'kamwa: agonekedwe chammbali ndipo thandizo lachangu liitanidwe.

Papepalapo panalembedwanso chinthu chimene mwana wawo sankachidziwa. Iye ankaganiza kuti poti nambala zimapita kuchipatala pa intaneti, pali wina amene amaziyang'ana usiku wonse ndipo angaimbe foni zikavuta. Panalibe wotero. Nambala zinkaonedwa pa masiku okonzedwa, masana. Aliyense woika wodwala pa zipangizo zotumiza nambala kutali azinena izi momveka tsiku loyamba, apo ayi banja limagona lili ndi chitetezo chimene kulibe.

Sensa ikachotsedwa simatidwanso, choncho yoyamba inakhalabe kumanzere mpaka masiku ake atatha. Mayiwa anaika pilo kumbuyo kuti asamagudubukire mbali imeneyo, zimene zinathandiza pang'ono chabe. Yachiwiri inaikidwa kumkono wamanja, ndipo pa masiku 14 ake kutsika kwa kugonera kunachitika kamodzi.

Wotchi: nambala ya okosijeni ndi chenjezo la mtima

Wotchi imayeza ndi kuwala. Kunsi kwake kuli tinyali towalitsa pakhungu ndi kagalasi kolandira kuwala kobwerera. Mtima ukagunda magazi amachuluka m'timitsempha ta pakhungu n'kumeza kuwala kochuluka, ndipo wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneku. Pa kugunda kwa mtima imagwiritsa ntchito kuwala kobiriwira, pa okosijeni kofiira ndi kwa infrared. Chilichonse cholowetsa kuwala kwa kunja kapena chogwedeza wotchi chimasokoneza nambala.

Ya mayiwa inali yokhwefuka moti zala ziwiri zinkalowa pansi pa lamba, ndipo inkakhala pamwamba penipeni pa kafupa kotuluka ka pamfundo ya dzanja. Inasunthidwa kupita kumtunda kwa kafupako mpata wa chala chimodzi, lamba n'kumangidwa kuti isamaseleleke koma osafinya. Mausiku otsatira okosijeni anali pakati pa 93 ndi 95%, ndipo 84% ija sinaonekenso. Kuchipatala kamakina ka pachala kanaonetsa 96%, akupuma ka 16 pa mphindi, m'mapapo muli bwino.

Nambala ya pachalayo nayo sitinaitenge ngati yomaliza. Mayiwa ndi akhungu lakuda, ndipo timakina ta pachala timakonda kuonetsa okosijeni wokwera kuposa weniweni mwa anthu akhungu lakuda. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan wa mu 2020 anayerekeza nambala za pachala ndi za magazi otengedwa mu mtsempha. Pa maulendo amene kamakina kankati 92 mpaka 96%, magazi anaonetsa pansi pa 88% pa 11.7% ya maulendowo mwa odwala akuda, ndi pa 3.6% mwa azungu. Choncho wotchi yokhwefuka imanamiza potsitsa nambala, pomwe kamakina ka pachala pakhungu lakuda kangathe kunamiza poikweza, ndipo bodza lachiwirili ndi loopsa kwambiri chifukwa limakhazika anthu mtima pansi. Zala zozizira ndi utoto wa m'zikhadabo nazo zimasokoneza. Kwa mayiwa chimene chinatitsimikizira ndi thupi lawo: sankabanika, sankaliza mkonono, sankasinza masana. Sanatumizidwe kokayezetsa kubanika kwa kutulo, koma zinalembedwa m'fayilo kuti zikasintha adzapite, poti vutoli limayendera limodzi ndi AF kawirikawiri.

Chenjezo la mtima linali nkhani ina. Kunama kwa wotchi pa okosijeni sikunali chifukwa chotayira zonse zimene inanena, chifukwa ziwirizi zimawerengedwa mosiyana: okosijeni amafuna kuyerekeza mphamvu ya mitundu iwiri ya kuwala, pomwe kulongosoka kwa mtima kumangofuna mipata ya pakati pa kugunda. Pa kafukufuku wa mawotchi otere wotchedwa Apple Heart Study, amene anachitika mogwirizana ndi yunivesite ya Stanford n'kufalitsidwa mu 2019, panali anthu 419,297, ndipo amene wotchi inawachenjeza anali 0.52% okha. Mwa anthu 450 ochenjezedwa amene anavala chigamba cha ECG pambuyo pake, 34% anapezeka ndi AF. Chenjezo la wotchi si umboni wa matenda, ndipo palibe ayenera kuyamba mankhwala chifukwa cha ilo lokha. Kuti AF itsimikizike pamafunika ECG yowerengedwa ndi dokotala, ya mawaya 12 kapena ya waya mmodzi yosachepera masekondi 30. Koma munthu mmodzi pa atatu si ochepa, ndipo kwa mayi wa zaka 71 wa shuga ndi BP, machenjezo anayi anayenera kufika kuchipatala kalekale.

Zimene chigamba chinajambula

Chigamba chinamatuka pa tsiku la 12, ndipo zowerengeka bwino zinali za masiku 11 ndi theka. Munapezeka AF kasanu, maola 5 ndi mphindi 40 onse pamodzi, pafupifupi 2% ya nthawi yojambulidwa. Ulendo wautali unali wa maola 3 ndi mphindi 40, masana a tsiku la 9, mtima ukufika 128 pa mphindi. Mayiwa sanamve kanthu ndipo sanadine batani. Maulendo asanu ndi limodzi amene anadina chifukwa chomva mtima kudumpha, chigamba chinangoonetsa kugunda kowonjezera kamodzikamodzi, kosaopsa. Pa maulendo asanu a AF wotchi inachenjeza pa umodzi wokha, wautali uja. Wotchi simayang'ana mtima nthawi zonse. Imayeza mwa apo ndi apo munthu akakhala phee, ndipo imafuna kuona kusalongosoka kangapo isanachenjeze, motero maulendo afupiafupi amaidutsa.

Posanjikiza magalafu awiri panafunika kusamala ndi nthawi. Zolemba za m'kabuku zinkatsogola ndi mphindi 12 chifukwa mayiwa ankayang'ana wotchi ya pakhoma, choncho tinatsatira nthawi ya foni ndi ya chigamba. Maulendo awiri a AF, a mphindi 20 ndi 35, anayamba pasanathe ola shuga atatsika pansi pa 3.9, usiku wachiwiri ndi wachinayi. Izi n'zomveka, poti shuga akatsika thupi limatulutsa adrenaline, amene amautsa mtima. Pakanakhala awiri okhawa, wina akanati chotsani glibenclamide, AF itha yokha. Koma atatu enawo, kuphatikizapo wautali uja, anachitika pa masiku a 8, 9 ndi 11, glibenclamide atasiyidwa, shuga ali pakati pa 6 ndi 9. AF inali vuto palokha.

Mtima sunaimepo kupitirira masekondi awiri, choncho panalibe umboni wakuti ankagwa chifukwa cha mtima kuima. Usiku unkatsika kufika 47 mpaka 50 pa mphindi. Atenolol amatulukanso kudzera mu impso, ndiye anasinthidwa ndi mankhwala ena a gulu lomwelo, bisoprolol 2.5 mg.

Pa AF zipinda zam'mwamba za mtima sizifinya bwino, magazi amatha kuundana m'menemo n'kupita ku ubongo, kuyambitsa sitiroko. Pa muyeso wa CHA2DS2-VASc, woonetsa kukula kwa chiopsezo cha sitiroko, mayiwa anapeza 4: BP, shuga, zaka za pakati pa 65 ndi 74, ndi kukhala wamkazi. Sikani ya mtima inaonetsa kuti ukupopa bwino, chipinda cham'mwamba chakumanzere chakula pang'ono, ndipo valuvu ya mitral, kachitseko ka pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere, sinapanikizike. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa valuvuyi ikapanikizika kwambiri mankhwala oyenera oletsa magazi kuundana ndi warfarin. Anayamba apixaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, 5 mg kawiri pa tsiku. Mlingo umatsitsidwa kufika 2.5 mg munthu akakhala ndi ziwiri mwa izi: zaka 80 kapena kuposa, kulemera 60 kg kapena kucheperapo, creatinine 133 µmol/L kapena kuposa. Mayiwa analibe ngakhale chimodzi, koma pa 64 kg ndi 128 ali pafupi ndi malire awiri, choncho sikelo ndi magazi a impso aziyezedwa miyezi itatu iliyonse. Mwana wawo anafunsa ngati si zoopsa kupatsa mankhwala oletsa magazi kuundana munthu amene amagwa. Yankho linali lakuti chimene chinkawagwetsa chapezeka ndipo chachotsedwa, pomwe chiopsezo cha sitiroko chilipobe. Anauzidwa kupewa ibuprofen ndi diclofenac, chifukwa cha impso komanso kutaya magazi.

Khungu

Pa tsiku la 10 khungu la m'mphepete mwa chigamba linafiira n'kuyamba kuyabwa. Kufiirako kunalekezera pomwe panali zomatira, kunalibe matuza, ndipo kunatha pa masiku anayi chigamba chitachoka, atapaka hydrocortisone 1% kawiri pa tsiku. Uku ndi kunyansidwa kwa khungu chifukwa cha thukuta ndi kukhuzika. Kumasiyana ndi kudana ndi guluu kwenikweni, kumene kumabwera ndi matuza kapena kuchucha madzi, kumapitirira malire a zomatira, ndipo kumakula ulendo uliwonse chipangizo chikamatidwa. Chimodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa vuto lachiwirili ndi isobornyl acrylate, amene anapezeka m'masensa ena a shuga. Wodana naye sathandizika ndi kungosintha malo, amafunika mtundu wina wa sensa. Pochotsa zomatira pakhungu la wokalamba, lomwe ndi lopyapyala, zinyowetsedwe ndi mafuta kaye, kenako zikokedwe chogona motsatira khungu, chala china chikugwira khungulo, osati kuzula choimirira.

Patatha miyezi itatu

Mayiwa sanagwenso, ndipo thukuta la usiku ndi mutu wa m'mawa zinatha. Sensa inasiyidwa itatha yachiwiri, poti pa mankhwala atsopanowa panalibe chifukwa choivalira nthawi zonse. Inaikidwanso kwa masiku 14 pokonzekera ulendo uno, kumkono wamanja. Anakhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 kwa 74% ya nthawi, ndipo sanatsikepo pansi pa 3.9. HbA1c inakwera kufika 7.3%. Mwana wawo anada nkhawa ndi kukweraku mpaka ataonetsedwa magalafu awiri, yakale ndi yatsopano, zili pambalipambali. Kulemera kunali 64.5 kg, creatinine 125, hemoglobin 12.0.

Pa wotchi tinazimitsa chenjezo la kusalongosoka kwa mtima. Ntchito yake ndi kupeza AF mwa amene sanapezeke nayo, ndipo kwa mayiwa likanangowadzidzimutsa popanda chosintha pa mankhwala. Tinazimitsanso kuyeza okosijeni usiku, zimene zinathandiza kuti batire izikhalitsa. Chinatsala ndi chenjezo la mtima wothamanga kupitirira 120 pa mphindi ali chikhalire, ndi la mtima wotsika pansi pa 45. Likabwera limodzi mwa awiriwa, awerenge okha kugunda pamtsempha wa padzanja kwa mphindi yathunthu, alembe nambala ndi nthawi, ndipo aimbe kuchipatala tsiku lomwelo. Kufooka kwa mkono kapena mwendo, kupindika kwa kamwa, kulephera kulankhula, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo mosayang'ana zimene wotchi ikunena. Sensa ya shuga idzaikidwanso mankhwala a shuga akadzasintha, kapena eGFR ikadzatsika pansi pa 30.